Pakanapanda Cashgate, kodi Amayi Joyce Banda akanapambana mu 2014?

Funso limeneli ndinalitola pamoto wa pamaliro kumudzi kwathu, patangopita milungu yochepa chichitikire chisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Monga mwa nthawi zonse, amayi anali m'nyumba ya siwa akuyimba, ndipo ife amuna tinali panja titazungulira chitsa cha mthethe chomwe chinkanyeka pang'onopang'ono, nkhani zikuchoka pa mtengo wa feteleza kupita pa ndale. Munthu wina atatchula kuti Amayi Joyce Banda apeza mavoti osafika n'komwe 2 peresenti, amalume anga, omwe mpaka lero amasunga nsalu ya mtundu wa olenji pansi pa sutukesi, anagwedeza mutu nanena kuti: "Mayi amene uja anaphedwa ndi Cashgate basi. Pakanapanda zimene zija, bwenzi atalamula mpaka 2024." Sindinawatsutse, chifukwa mphwa satsutsa amalume ake pamaso pa anthu, makamaka pamaliro. Komabe mawuwo ndinabwerera nawo ku tauni, ndipo ndakhala ndikuwatembenuza m'mutu mpaka ndaganiza zowalembera pano.

Kuti tiyankhe mwachilungamo, tiyenera kukumbukira kaye dziko limene Amayi analandira. Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 Epulo 2012, ndipo patapita masiku awiri a mphekesera ndi misonkhano ya pakati pa usiku, wachiwiri wake, yemwe anali atachotsedwa m'chipani cha DPP kumapeto kwa 2010, analumbiritsidwa pa 7 Epulo. Amene anali ndi galimoto nthawi imeneyo sangaiwale. Ine ndinagonapo kawiri pamalo omwetsera mafuta, nditapinda mpando wa galimoto ya kuntchito, zigubu zitandandalikidwa pamzere wawowawo ngati ana a sukulu, ndipo m'mawa wake tinauzidwa kuti thanki yomwe tinkayembekezera yapita kwina. Ndalama zakunja kunalibe, shuga ankasowa m'dziko lolima nzimbe, kazembe wa Britain anali atathamangitsidwa mu Epulo 2011, ndipo anthu pafupifupi 20 anali ataphedwa pa zionetsero za pa 20 Julayi chaka chomwecho. M'miyezi yochepa chabe, mtsogoleri watsopanoyo anakonza ubale ndi mayiko otithandiza, anagwirizananso ndi bungwe la IMF, anabwezeretsa mbendera ya dzuwa lotuluka, ndipo anakana kulandira Omar al-Bashir, zomwe zinachititsa kuti msonkhano wa African Union usamukire ku Addis Ababa. Mizere ya mafuta inatha. Anthu anapuma, ndipo kwa kanthawi ndithu dzina lakuti Amayi linkatchulidwa ndi chikondi chenicheni, ngakhale ndi anthu omwe sanavalepo nsalu ya chipani chilichonse.

Kenaka inafika Seputembala 2013, mwezi umene inaphulika nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma yomwe inatchedwa Cashgate. Kalaliki wina wamng'ono wa boma anapezeka ndi ndalama zankhaninkhani zomwe malipiro ake a moyo wonse sakanafikapo, ndipo usiku wa pa 13 mwezi womwewo Paul Mphwiyo, yemwe anali mkulu woyang'anira bajeti ku unduna wa zachuma, anawomberedwa pachipata cha nyumba yake ku Area 43 mumzinda wa Lilongwe. Kuchokera pamenepo, tsiku lililonse linkabwera ndi nkhani yake: ndalama m'mabuti a galimoto, ndalama pansi pa matiresi, makampani omwe analipidwa popanda kupereka ngakhale msomali umodzi ku boma. Njira yake inali yosavuta kuimvetsa. Anthu ankalowa m'makina a boma olipirira otchedwa IFMIS, n'kulemba cheke kwa kampani ya mnzawo, ndalama zikatuluka ku banki n'kufufuta zolembedwazo m'makinamo ngati sizinachitikepo. Akatswiri a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain atafufuza miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2013, anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinali zitalowera kosadziwika, ndipo chiwerengerochi chinakwera pambuyo pake. Amayi anachotsa nduna zawo zonse pa 10 Okutobala, koma mayiko otithandiza anaimitsabe thandizo la ndalama pafupifupi $150 miliyoni, pa nthawi imene gawo lalikulu la bajeti yathu, pafupifupi 40 peresenti, linkadalira iwowo. Ndiyenera kunena pano kuti Amayi akhala akukana kuti anatengapo mbali, amanena kuti ndi iwo amene anavundukula chivindikirocho, ndipo palibe khoti lomwe linawapezapo olakwa pa nkhaniyi.

Tsono tikamati "pakanapanda Cashgate", tikutanthauza chiyani? Mawu amenewa ali ndi nkhope ziwiri zomwe amalume anazisakaniza. Nkhope yoyamba ndi yakuti ndalama sizikanabedwa konse, zomwe n'zovuta kuzikhulupirira, poti makina aja anakhazikitsidwa mu 2005 ndipo kafukufuku wina wa pambuyo pake, amene anatchuka ndi chiwerengero cha K577 biliyoni, anaonetsa kuti mabuku a boma anali osalongosoka kuyambira 2009, Amayi asanalowe n'komwe ku nyumba ya boma. Nkhope yachiwiri ndi yakuti ndalama zikanabedwa ndithu, koma mfuti ija sikanalira, kalaliki uja sakanagwidwa, ndipo ife tikanapita kukaponya voti tisakudziwa kanthu. Pa nkhani ya chisankho, nkhope ziwirizi zimabala zotsatira zofanana, choncho ndiyamba ndazitenga ngati chinthu chimodzi, ndidzazilekanitsa kutsogoloku.

Zotsatira zomwe Maxon Mbendera, wapampando wa bungwe la MEC, analengeza akugwetsa misozi usiku wa pa 30 Meyi 2014 zinali motere: Peter Mutharika anapeza mavoti 1,904,399, omwe ndi 36.4 peresenti, Lazarus Chakwera 1,455,880, omwe ndi 27.8 peresenti, Joyce Banda 1,056,236, omwe ndi 20.2 peresenti, ndipo Atupele Muluzi 717,224, omwe ndi 13.7 peresenti. Ndinakhala pansi ndi pensulo n'kuyamba kusuntha mavoti amenewa monga momwe munthu amasunthira njere pa bawo. Kusiyana pakati pa Mutharika ndi Amayi kunali mavoti oposa 848,000. Ngati tinganene kuti aliyense amene anathawa Amayi chifukwa cha Cashgate anathawira kwa Mutharika yekha, ndiye kuti pankafunika anthu oposa 424,000 abwerere, kutanthauza kuti mwa anthu asanu alionse amene anavotera DPP, woposa mmodzi akhale kuti mtima wake unali kwa Amayi ndipo anangokhumudwa ndi kubedwa kwa ndalama. Ngati othawawo anagawikana mofanana pakati pa Mutharika ndi Chakwera, pankafunika anthu pafupifupi 565,000. Ngati onse anathawira kwa abusa a Chakwera, monga momwe ena amaganizira poti munthu wonyansidwa ndi umbava amathamangira kwa munthu wa Mulungu, ndiye kuti pankafunika mavoti onse 848,000, omwe ndi oposa theka la zonse zomwe Chakwera anapeza.

Masamu amenewa anandiwongolera maganizo ena omwe ndinali nawo kale. Ndinkaganiza kuti Amayi akanachita bwino pang'ono, akanadyera Mutharika mavoti a kummwera n'kutsegulira Chakwera njira yopambanira mu 2014. Koma sizitheka, chifukwa Mutharika anaposa Chakwera ndi mavoti pafupifupi 448,000, ndipo pofika nthawi imene Amayi akanamulanda mavoti ochuluka chomwecho, iwo eniwo akanakhala atadutsa kale onse awiri. Choncho mu 2014 panali njira ziwiri zokha: kupambana Mutharika kapena kupambana Amayi. Funso lenileni ndi lakuti, kodi Cashgate inawalanda Amayi mavoti theka la miliyoni?

Ine ndikukayika kwambiri, ndipo chifukwa changa choyamba ndi kwacha. Mu Meyi 2012, patangotha mwezi umodzi ali pampando, Amayi anavomera zomwe Bingu ankakana mpaka imfa yake: ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu kuchoka pa K167 kufika pa K250 pa dola imodzi, kenaka n'kuisiya kuti iziyandama yokha pamsika. Akatswiri a zachuma ambiri amavomereza kuti panalibe njira ina, ndipo ine sinditsutsana nawo. Koma woponya voti sawerenga malipoti a IMF. Amawerenga mtengo wa sopo, wa mchere ndi wa minibasi. Pofika kumayambiriro kwa 2013 mitengo ya zinthu inkakwera ndi zoposa 30 peresenti pachaka. Mu Januwale chaka chimenecho kunachitika zionetsero zomwe anatsogolera John Kapito wa bungwe la ogula la CAMA, ndipo mu Febuluwale ogwira ntchito m'boma ananyanyala ntchito mpaka mabwalo a ndege anatsekedwa. Ndikukumbukira mayi anga akudzuka nkhuku zisanalire kupita kukaima pamzere wa chimanga, atatenga thumba lalikulu, n'kubwerako masana dzuwa lili paliwombo ndi kachimanga kongokwana kumutu kwa thumbalo, chifukwa ankagulitsa mopimira. Tsiku limenelo sanatchule dzina la munthu aliyense, koma anati, "Mafuta abwera, inde, koma ife sitimwa mafuta." Zonsezi zinachitika miyezi isanu ndi iwiri mfuti ya ku Area 43 isanalire.

Chifukwa chachiwiri ndi nkhani imene sitikonda kuinena mokweza, ya zigawo. Kupatula 2009, pamene Bingu anapeza 66 peresenti chifukwa cha makuponi a feteleza ndi nkhokwe zodzaza, zisankho zathu zakhala zikutsata mapu. DPP ili ndi mudzi wake ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. MCP ili ndi chigawo chapakati. UDF inali ndi Mangochi, Machinga ndi Balaka. Amayi, omwe kwawo ndi ku Zomba, analibe mudzi waukulu woterowo. Kummawa kumene akanadalira ankalimbirana ndi Atupele, yemwe anali mnyamata wa zaka 35 wokopa achinyamata komanso wonyamula dzina la bambo ake. Kumene anachita bwino kwenikweni ndi kumpoto, kwawo kwa amuna awo a Richard Banda, koma kumpoto ndi chigawo cha anthu ochepa kuposa zinzake, ndipo ngakhale munthu atasesa mavoti onse kuchokera ku Chitipa mpaka ku Mzimba sangafike nawo ku Sanjika popanda thandizo la kwina. Cashgate siinalembe mapu amenewa.

Chifukwa chachitatu ndi chipani chenichenicho. People's Party inakhazikitsidwa mu 2011 ndi anthu ochepa olimba mtima, koma inatupa usiku umodzi mu Epulo 2012, pamene aphungu ndi nduna omwe dzulo lake ankanyoza Amayi pa wailesi anavula zabuluu n'kuvala zaolenji, akunena mawu omwe tinawazolowera aja akuti akufuna kugwira ntchito ndi boma lomwe lilipo. Nyumba yomangidwa ndi njerwa zobwereka imaoneka yaikulu, koma eni njerwa akabwera imatsala maziko okha. Pa chisankho cha aphungu chipanichi chinapeza mipando 26 yokha mwa 193, pamene oima paokha anapeza yoposa 50, ambiri mwa iwo anthu omwe anakhumudwa ndi zisankho za chipulula m'zipani zawo. Pamwamba pa apo, Amayi anasiya wachiwiri wawo Khumbo Kachali n'kusankha Sosten Gwengwe kukhala woima naye, poyesa kukopa achinyamata ndi chigawo chapakati. Chigawo chapakati sichinakopeke, Gwengwe anataya ngakhale mpando wake wa uphungu ku Dedza, ndipo Kachali anatembenukira kwa Mutharika chisankho chili pafupi. Kusankha kolakwika kumeneku sikunachokere ku Capital Hill, kumene kunkabedwa ndalama zija.

Tisaiwalenso kuti otsutsa anali atadzikonza kale Cashgate isanaphulike. Mu Malichi 2013 boma linamanga Peter Mutharika ndi anzake pa mlandu woukira boma wokhudza masiku awiri aja a imfa ya Bingu, ndipo m'malo momufooketsa, kumangidwako kunadzutsa chifundo kwawo ndi kumupatsa chithunzi cha munthu wozunzidwa; mwezi wotsatira anasankhidwa kutsogolera DPP. Mu Ogasiti 2013, mwezi umodzi wokha nkhani ya ndalama isanamveke, MCP inasankha Chakwera, yemwe anali atangosiya utsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God, kulowa m'malo mwa John Tembo. Tsiku limenelo chitseko cha chigawo chapakati chinatsekeka kwa wina aliyense. Ndikanakhala kuti ndikufunafuna tsiku limodzi lomwe linasintha chisankho cha 2014, ndikanaloza msonkhano waukulu wa MCP umenewo ndisanaloze usiku wa pa 13 Seputembala.

Sindikunena kuti Cashgate inalibe mphamvu, ayi. Inawalanda Amayi zinthu ziwiri zamtengo wapatali. Choyamba ndi ndalama: thandizo litaimitsidwa, boma linayamba kudula bajeti ya maunduna, zipatala zinasowa mankhwala, ndipo phindu la mankhwala owawa aja a 2012, lomwe linkayenera kuyamba kuoneka chisankho chisanafike, linachedwa. Chachiwiri ndi nkhani yoti anene pa msonkhano. Uthenga wawo wonse unali wakuti iwo ndi osiyana ndi omwe analipo kale, mayi wobwera kudzasesa m'nyumba. Nkhaniyi itaphulika, thumba lililonse la chimanga lomwe ankagawa, ng'ombe iliyonse, nyumba iliyonse ya Mudzi Transformation Trust ndi njinga yamoto iliyonse zinayamba kufunsidwa funso limodzi: ndalama zake zachokera kuti? Ngakhale kugulitsidwa kwa ndege ya mtsogoleri wa dziko, komwe poyamba kunawabweretsera ulemu kunja, kunasanduka funso lina losayankhidwa bwino. Kafukufuku wa Afrobarometer yemwe anatuluka chisankho chili pafupi anaika Mutharika pa 27 peresenti, Chakwera pa 21, Amayi pa 19 ndipo Atupele pa 14, ndipo anthu ambiri ndithu anali asanaganize. Ndi pakati pa osaganiza amenewo, ndi pakati pa aphunzitsi, anamwino ndi anthu a m'tauni owerenga nyuzipepala, pamene Cashgate inaluma kwambiri. Kuganiza kwanga, komwe ndi kuganiza chabe, n'kwakuti popanda nkhaniyi Amayi akanalimbirana malo achiwiri ndi Chakwera, kusiyana kukanachepa, koma wolumbira pa 31 Meyi akanakhalabe Peter Mutharika.

Chimene chikanasintha kwambiri, m'maganizo mwanga, ndi zaka zotsatira. Amayi atagonja anachoka m'dziko muno ndipo anakhala kunja pafupifupi zaka zinayi, kufikira Epulo 2018. Mu Julayi 2017 apolisi analengeza kuti ali ndi chikalata chowamangira, ngakhale kuti atabwera sanamangidwe. M'zaka zimenezo chipani chinali ngati nkhuku zopanda make, ndipo aphungu ake anamwazikana. Tsono taganizirani Joyce Banda wogonja mwaulemu ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi ndi theka, wopanda mthunzi wa mlandu, wokhala ku Domasi n'kumayenda m'midzi pa nthawi ya madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi njala ya 2016, pamene anthu oposa 6 miliyoni ankafuna thandizo la chakudya. Munthu woteroyo akanafika mu 2019 ali ndi katundu wolemera m'manja. Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, malinga ndi zomwe MEC inalengeza, Mutharika anapeza 38.6 peresenti, Chakwera 35.4 ndipo Saulos Chilima 20.2, kusiyana kwa awiri oyambawo kuli mavoti pafupifupi 159,000 okha. Amayi anali atachoka pa mpikisano mu Malichi n'kuthandiza Chakwera, koma anabwera ndi chipani chomwe chinali chitatha kale mphamvu, ndipo mavoti ambiri a kumpoto omwe anali awo mu 2014 anapita kwa Chilima. Akanabwera ndi theka lokha la mphamvu zawo zakale, mpata wa 159,000 uja ukanatsekeka.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandizunguza mutu. Chakwera akanalengezedwa wopambana mu Meyi 2019 ndi mavoti osafika theka, monga momwe analengezedwera Bakili Muluzi mu 1994, Bingu mu 2004 ndi Peter mu 2014, kodi tikanakhala ndi chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020? Chigamulo chimenecho, chomwe oweruza asanu anapereka atavala zodzitetezera ku zipolopolo, sichinangofafaniza chisankho cha 2019 chija, chomwe zotsatira zake zina zinafufutidwa ndi Tippex. Chinatanthauziranso malamulo kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Lamulo la 50+1 limeneli aphungu anali atalikana ku Nyumba ya Malamulo mu Disembala 2017, ndipo palibe chipani cholamula chomwe chikanalibweretsa mwa kufuna kwake, poti aliyense wokhala pampando amaona kuti njira yomwe inamufikitsapo ndi yabwino. Linabwera chifukwa anthu awiri ogonja anapita kukhoti limodzi, misewu ili yodzaza ndi zionetsero kwa miyezi yambiri. N'kutheka kuti DPP ikanagonja ikanapitanso kukhoti, koma sindikuona ikupempha lamulo lomwe likanaivuta iyo yomwe. Ndiye kuti mwina, mwa njira yokhotakhota, kufooka kwa People's Party ndi kumodzi mwa zinthu zomwe zinatipatsa chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni 2020 ndi lamulo lomwe tikuyendera lero.

Palinso mbali ina yomwe sindingaibise: Joyce Banda wamphamvu sakanavomera msanga kukhala pambuyo pa munthu wina. Atsogoleri athu sadziwika ndi khalidwe lopatsana mpata. Akanaima yekha mu 2019, mavoti otsutsa akanagawika patatu m'malo mwa pawiri, ndipo Mutharika akanapambana ndi mpata waukulu moti ngakhale Tippex sakanakhala nkhani yogwedeza dziko.

Tiyeni tsopano tiwapatse amalume zomwe akufuna, tinene kuti Amayi apambana mu 2014 ndi mavoti ochepa. Malamulo akanawalola kuimanso mu 2019, chifukwa gawo 83 la malamulo aakulu a dziko limanena kuti nthawi imene munthu wamalizitsa ya mnzake siwerengedwa, choncho 2024 ya amalume ija siinali yongolota. Koma akanalamula bwanji? Akanalowa ndi aphungu ochepa, n'kuyambanso kusaka oima paokha ndi othawa zipani zawo, gawo 65 loletsa aphungu kusamuka chipani likungoyang'ana. Madzi osefukira a ku Nsanje ndi Chikwawa akanabwerabe, chilala cha 2016 chikanabwerabe, madzi a mu Shire akanatsikabe n'kutisiya mumdima maola ambiri patsiku. Kusiyana kwake n'kwakuti thandizo la bajeti likanapitirira, ndipo boma silikanakakamizika kubwereka kwambiri m'mabanki a m'dziko momwe muno. Chimenecho si chinthu chaching'ono. Kumbali ya otsutsa, mlandu wa Peter Mutharika, womwe unatha iye atalowa m'boma, ukanapitirira, ndipo munthu wa zaka 73 wogonja pa chisankho ali ndi mlandu kukhoti sakanapeza mosavuta mwayi wachiwiri m'chipani chodzaza ndi anthu ofuna mpando. Chilima, yemwe anasiya udindo waukulu ku Airtel kuti aime ndi Mutharika, sakanakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndipo popanda udindo umenewo ndi mkangano womwe unabuka m'kati mwa DPP mu 2018, n'zovuta kuona UTM ikubadwa momwe inabadwira. Mwina iyeyo ndi amene akanatenga DPP. Chisankho cha 2019 chikanakhala pakati pa Amayi otopa ndi zaka zisanu ndi ziwiri za mavuto, Chakwera yemwe wakhala akudikira, ndi DPP ya nkhope yatsopano. Poona kuti Amalawi achotsa mtsogoleri wokhala pampando mu 2014, mu 2020 ndi mu 2025, sindikuona chifukwa chokhulupirira kuti Amayi akanapulumuka.

Ndinalonjeza kuti ndidzalekanitsa nkhope ziwiri zija. Ngati Amayi akanapambana chifukwa chakuti kuba kunalipo koma sikunadziwike, ndiye kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu omwe anatulutsa mabiliyoni m'miyezi isanu ndi umodzi sakanasiya okha. Akanapitiriza kwa zaka zina zisanu, nyumba zikumera ku Area 47 ndi ku Area 43 ngati bowa, mpaka tsiku lina akanakanganirana magawo monga momwe zinachitikira, ndipo chiwerengero chikanakhala chachikulu kuposa chomwe tikuchidziwa. Milandu yomwe inatsatira, kuyambira wa Treza Senzani, mlembi wamkulu wa unduna wa zokopa alendo yemwe anali woyamba kulamulidwa kukhala kundende mu 2014, mpaka wa Oswald Lutepo yemwe analamulidwa kukhala kundende zaka 11 mu 2015, sikanachitika pa nthawi imeneyo. Tingadandaule kuti milanduyi inayenda mwaulesi ndiponso kuti nsomba zina zikuluzikulu sizinalowe mu ukonde, ndipo katangale sanathe, monga momwe nkhani za m'maboma otsatira zinaonetsera. Komabe utsogoleri wopanda mbiri yoipa ndi utsogoleri wopanda kuba ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pamoto paja amalume ankalira choyambacho.

Sabata yatha ndinawaimbira foni amalume n'kuwawerengera masamu anga onse, kuyambira pa 848,000 mpaka pa 159,000, ndipo ndinawakumbutsanso kuti mu 2025 Amayi anaima ndi Khumbo Kachali yemwe uja anamusiya mu 2014, pamene Jane Ansah, yemwe anali wapampando wa MEC pa chisankho cha Tippex, ndi amene analumbira ngati wachiwiri kwa Peter Mutharika. Anandimvetsera osandidula mawu, mbuzi zikulira chapatali kumbuyo kwawo. Nditamaliza anakhala chete pang'ono, kenaka anati: "Masamu akowo ndawamva, mphwanga, ndipo mwina ukunena zoona. Koma ng'ombe imene ndinalandira ija yabereka kanayi tsopano." Atatero anandifunsa ngati ndingawatumizireko ndalama ya thumba limodzi la feteleza mvula isanagwe, ndipo mayunitsi anga anathera pomwepo.